Mawu achinsinsi a Abiti Saidi

Anzanga, takhalani pansi kaye mumve. Amene muli pa njinga ya kabaza muwerenge mukatsika, nkhaniyi si yowerenga mukugwedezeka iyayi. Ana anga andivutitsa mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu, ndiye ndikulemba pa foni pompano, mmene ndimayankhuliramo. Za ubwana tizisiye, ndinaweta mbuzi ngati wina aliyense. Lero ndi za kompyuta ya ku Balaka.

Pa boma la Machinga, pakati pa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali yotayipa makalata pa boma. Sukulu ndinalekera fomu 2, kutayipako ndinaphunzira ndekha pa tayipi yakutha ya ku parishi. Ndinali mnyamata wolongolola koopsa, moti mwezi usanathe anali atandipatsa kale dzina loti Wailesi, ndipo mpaka lero alipo anthu ku Balaka amene dzina langa lenileni salidziwa. Mayi amene ankatiyang'anira otayipa ankati akandiyang'ana n'kupukusa mutu. "Wailesi mwana wanga, tsitsako voliyumu. Pakamwa pakopo padzakutengera kumalo kumene anthu sabwerako msanga." Ine ndinkangoseka. Zosowa zinali zambiri pamenepo. Riboni ikatha tinkaitembenuza, ikathanso tinkaidonthezera inki ya sitampa, zala zonse bii. Pepala la kaboni tinkaligwiritsa ntchito mpaka ukalikweza m'mwamba dzuwa likuonekera. Ukalakwitsa chilembo chimodzi m'kalata yopita kwa akuluakulu, uyambirenso kalata yonse. Ndinaphunzira kutayipa mwachangu ndi mosalakwitsa, koma kutseka pakamwa sindinaphunzire.

Balaka, kumapeto kwa zaka zomwezo

Kenako anandisamutsira ku Balaka, ku ofesi ya pulojekiti ina ya zaulimi imene inkatsatira alimi a thonje ndi chimanga. Nthawi imeneyo Balaka inali idakali pansi pa Machinga. Kumeneko ndi kumene ndinakumana nacho chinthucho. Anzanga, musaganize za timakompyuta tanu topinda ngati buku iti. Chinali chibokosi chofika m'chiuno, chili m'kachipinda kakekake, chikulira ngati firiji. Kuchokera mmenemo mawaya ankayenda m'mbali mwa khoma kupita ku masikirini a zilembo zobiriwira a m'maofesi. Kompyuta imodzi, anthu ambiri. Aliyense anali ndi dzina lake lolowera ndi mawu ake achinsinsi, amene masiku ano mumangoti pasiwedi. Anaibweretsa ndi mzungu wa pulojekitiyo, ndipo ine ndinkamufunsa chilichonse mpaka kumutopetsa. Anthu akapita kukadya masana ine ndinkatsala ndi mabuku ake achingerezi, dikishonale pambali, chinangwa chootcha m'manja. Kutentha kwa Balaka mukukudziwa. Makinawo akatenthedwa ankangozima okha, ndiye ine ndinkaima pamenepo kuwakupiza ndi katoni ngati ndikukupiza wodwala. Magetsi akathima, ntchito ya tsiku lonse yapita. Mapepala a pulinta ankabwera mwa apo ndi apo, moti akafika ankawatsekera m'kabati. Kontirakiti ya mzungu uja itatha, anandisiyira ine kiyi wa kachipindako ndi mawu a ruti.

Ruti ndi dzina lalikulu la m'kompyutamo. Mayina ena onse ali ndi malire, uyu sangatsegule za uyo, koma ruti palibe chitseko chomukana. Mawu a ruti tinkawadziwa anthu awiri: ine ndi bwana wa ofesiyo, bambo Makwinja. Iwowa anandiitana tsiku lomwelo mzungu atangokwera galimoto, n'kupendeketsa khutu. "Ndinong'oneze." Ndinawanong'oneza. Ngati anawagwiritsapo ntchito, sindikudziwa.

Tsono mumve mmene makinawo ankasungira mawu achinsinsi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Munali fayilo ina dzina lake passwd. Munthu aliyense mzere wake: dzina, kenako zilembo khumi ndi zitatu zosamveka mutu wake, kenako nambala yake ndi zina. Ine poyamba ndinkaganiza kuti mawuwo angobisidwa, ndipo penapake pali njira yowabwezera. Iyayi! Kompyuta mawu ako siisunga n'komwe. Imawatenga n'kuwagaya ngati chimanga pa chigayo, n'kusunga ufa wokhawo. Ufa sungabwerere kukhala chimanga. Mawa ukabwera n'kulemba mawu ako, imawagayanso, n'kufananiza ufa watsopanowu ndi uja inasunga. Zikafanana, lowani. Zikasiyana, pepani. Ndiye pali kanthu kenanso: isanagaye imathiramo zilembo ziwiri zongotola, zimene mabuku aja ankazitcha mchere. Chifukwa cha mcherewo, anthu awiri atha kukhala ndi mawu ofanana ndendende koma ufa wawo n'kutuluka wosiyana. Tsiku limene ndinamvetsa zimenezi, anzanga, ndinafotokozera aliyense! Madalaivala, alonda, mpaka mayi wogulitsa zitumbuwa pa geti, amene anangoti, "Mugula kapena simugula?"

Bambo Makwinja sanali munthu woipa. Ulimi ankaudziwa, malipoti awo sankachedwa, ndipo mwana wako akadwala ankakupatsa galimoto ya ofesi osakufunsa zambiri. Koma analinso munthu wa chipani, baji pachifuwa tsiku ndi tsiku, ndipo liwu loti chinsinsi linkawasowetsa mtendere. Pa msonkhano wina wa Lolemba anaimirira n'kunena kuti, "Mu ofesi ya boma mulibe chinsinsi. Wobisa mawu ndiye kuti akubisanso zina. Kuyambira lero tonse tikhale ndi mawu amodzi." Anasankha okha: umodzi, ngodya yoyamba pa zinayi zija tinkaloweza kusukulu. Nanga ndani akanatsutsa umodzi? Ine ndinayesa kukweza dzanja. "Bwana, mabuku akuti..." "Mabukuwo analembera kwawo, Wailesi. Khala pansi." Ndinakhala.

Patapita milungu anafuna kuona ngati anthu amvera. Anandiuza kuti ndisindikize fayilo ija. Ataona kuti mzere uliwonse uli ndi zilembo zakezake, nkhope inasintha. "Ndiye kuti onsewa andinyoza?" Ndinatuluka thukuta kufotokoza za chigayo ndi mchere. Sanakhulupirire mpaka anakhala okha pa sikirini, kulemba dzina la munthu aliyense ndi umodzi, zonse n'kumatseguka. Atamaliza anati, "Makina amwano awa," ndipo za fayiloyo sanafunsenso.

Amene anavutika nalo lamuloli anali Abiti Saidi. Anali mayi wamasiye wa ana atatu, kwawo kwa Kalembo, kufupi ndi Ulongwe, ndipo ndi iwo ankalowetsa manambala a zokolola ochokera kwa alangizi a kumidzi. Munthu wofatsa, wa ntchito yaudongo. Koma anyamata a mu ofesi akafuna kusindikiza zawo zamseri, makalata a zibwenzi, ofunsira ntchito kwina, ankalowa pa dzina la Abiti. Pulinta inkalemba dzina la aliyense wosindikiza, ndiye mapepala akatha msanga wokalipiridwa anali Abiti. Tsiku lina anandipeza ku kachipinda kaja atamanga nkhope. "Achimwene, inu mumayankhula zambiri za makinawa. Loko ya munthu mmodzi palibe?" Ndinati, "Ilipo achemwali, koma bwana..." "Bwanawo adziwa bwanji? Si inu nomwe munati ufa sufanana?" Aaa! Ndinkaganiza kuti ndikamalongolola palibe amene amamvetsera. Ndinawaonetsa polemba, n'kutembenukira kukhoma iwo akulowetsa mawu atsopano. "Sikomo, achimwene," anatero, n'kubwerera pa desiki pawo. Mawuwo sindinawadziwe, ndipo mpaka lero sindikuwadziwa.

Chaka chotsatira kunabwera mmisiri wa ku Blantyre ndi madisiki ake kudzakonzanso makinawo. Iyeyo ndi amene anandionetsa kuti fayilo ya passwd inali ndi chibowo. Aliyense wolowa ankatha kuiwerenga, ndiye munthu wakhama akanatha kukopera ufa wa mnzake n'kumagaya mawu osiyanasiyana mpaka ena afanane. Anachotsa ufa wonse mmenemo n'kuusamutsira mu fayilo ina yotchedwa shado, imene amatsegula ndi ruti yekha. Mu passwd munangotsala ka x pamalo pa zilembo zija. Ine ndinasangalala kwambiri, ndinati basi, Abiti tsopano palibe angawasowetsenso mtendere.

Chaka cha mapepala, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990

Achinyamata inu izi simunazione. Kunayamba kupezeka mapepala osasaina, onena kuti dziko likufunika zipani zambiri. Ukadzuka m'mawa uwapeza pa siteshoni ya sitima, mumsika, pansi pa chitseko. Kuwatola unali mlandu, kuwawerenga mlandu, kuwasindikiza ndiye osanena. Ena mwa amene anapezeka mumsika wa Balaka anali pa pepala la mabowo m'mbali, zilembo zake za timadontho. Mapulinta otere m'tauni yathu anali owerengeka.

Anafika m'mawa wina tiyi tisanamwe, amuna awiri osavala yunifomu. Wamkulu wawo anavala jekete la bulauni ngakhale kunkatentha. Ankayankhula motsitsa mawu ndi mwaulemu, ndipo ulemu umenewo ndi umene unkaopsa. Anatisonkhanitsa tonse mu ofesi yaikulu, n'kufunsa ngati makinawo amakumbukira amene wasindikiza. Ine ndinali wotsimikiza kuti si ife, ndiye ndinatsegula kaundula wa pulinta msangamsanga, mwinanso monyadira. Apo! Loweruka masana, ofesi itatsekedwa, panali ntchito yaitali yosindikiza, pa dzina la Abiti Saidi. Fayilo yake inali itafufutidwa. Alonda anati iwo Loweruka anali kumaliro, kiyi anasiya pamalo pamene tonse tinkapadziwa.

Abiti anati, "Ine Loweruka ndinapita ku sadaka kumudzi."

Bambo Makwinja, ndiwayamikire, anayesa kuwateteza. "Bwana, dzina lisakusokonezeni. Muno tonse tili ndi mawu amodzi, ndi lamulo langa. Aliyense akanatha kulowa pa dzina la mayiwa, ngakhale munthu wakunja amene anangomva." Wa jekete uja anamwetulira. "Mawu ake oti chiyani?" "Umodzi." "Mawu abwino," anatero, n'kukokera mpando pa sikirini. Ankasakasaka chilembo chilichonse, osafulumira. Dzina loyamba, umodzi, yatseguka. Lachiwiri, yatseguka. Langa, yatseguka. La Abiti, yakana. Anabwereza pang'onopang'ono. Yakana. Bambo Makwinja anayang'ana Abiti, kenako anayang'ana ine.

"Mayi, mawu anuwa munauzako ndani?"

"Palibe."

"Ngakhale ana anu?"

"Palibe."

Mwamuna wachiwiri uja anali atasuntha kale kukaima pakhomo. Ndiye wa jekete anatembenukira kwa ine. "Achimwene, akuti makinawa mumawadziwa ndi inu. Mungatiwerengere mawu a mayiwa?" Ndinati sizingatheke, ndinafotokoza za chigayo, ndipo kanali koyamba m'moyo wanga kufotokoza chinthu mwachidule. "Nanga wina angawabe?" Ndinati kale zikanatheka, koma chiikireni shado, iyayi. Anagwedeza mutu ngati mphunzitsi wokhutira. "Funso lomaliza, tisakuchedwetseni pa ntchito. Alipo munthu wina amene angalowe pa dzina la mayiwa popanda mawu awo?"

Tamvetserani bwino apa. Munthuyu za ruti sankazidziwa. Ndikanangoti palibe, akanatenga Abiti, munthu wawo ampeza, ife n'kubwerera pa madesiki athu kukamwa tiyi. Mayi anu, ana inu, nthawi imeneyo anali ndi pakati pa Fatsani, masiku atatsala pang'ono, ndipo tinkakhala m'nyumba ya pulojekiti. Koma tonse tinkadziwanso kuti wotengedwa pa nkhani ya mapepala, ana ake amaleredwa ndi achibale. Ndinayang'ana Abiti. Iwo sanandiyang'ane, ankakonza mpango wa kumutu umene unali wokonzeka kale. Loko imene inawasiya okha pagulu lonselo ndinawaonetsa ndi ine.

"Alipo," ndinatero. "Ine."

Ndinakhala pa sikirini, kulowa ngati ruti, kulemba su, lamulo losinthira dzina, kenako dzina la Abiti. Makinawo sanafunse mawu aliwonse. Ndinasindikiza mzere umodzi, ndipo pulinta inalemba kuti wasindikiza ndi Abiti Saidi, iwo ataima uko manja ali pamimba. Wa jekete anawerama kuyang'anitsitsa. "Zimenezi sizisiya mapazi?" "Zimasiya bwana, koma ruti amatha kusesa mapazi ake." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mukudziwa chimene mukudzichitira?" Ndinati, "Mwandifunsa, bwana." "Chabwino. Mawu a ruti ameneyu mumawadziwa nokha?" Bambo Makwinja anali chilili pambali panga, baji ili pachifuwa. Ndinati, "Ine ndi bwana."

"Wailesi!" Bambo Makwinja ananena liwu limodzi lomwelo basi.

Wa jekete anatseka cholembera chake n'kuchiika m'thumba. Mlandu umene unali wa mayi wamasiye mmodzi wopanda womuyankhulira, tsopano unali wa anthu atatu, mmodzi mwa iwo munthu wokhala kutsogolo pa misonkhano ya chipani. Anatitenga tonse pa galimoto yawo. Bwana anabwerako tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Abiti anagonako, koma sabata isanathe anawamasula, chifukwa umboni umene unali pa iwo unalinso pa bwana amene anali atamasulidwa kale. Ine ndinakhalitsako, popeza ndine ndinali ndi kiyi wa kachipinda. Za m'katimo sindikufuna kuzilemba. Mano a kumanzerewa amene mumandiseka nawo anatsala kumeneko. Fatsani anabadwa ine kulibe. Tsiku lina anangotsegula chitseko n'kunena kuti pita, osandiuza china chilichonse.

Kuyambira kwa Kawinga mpaka kupuma ntchito

Nditabwerera ku ofesi ndinapeza loko ya kachipinda kaja itasinthidwa. Bambo Makwinja sanandikalipire. Anali akusaina mapepala, ndipo sanadzutse mutu. "Ine ndinali kuyesa kupulumutsa mayi aja, iwe n'kukanditchula pagulu." Ndinati, "Bwana, anandifunsa." Anati, "Ukayankhe mafunso kwa Kawinga." Ananditumiza ku kaofesi ka alangizi kumeneko, kopanda magetsi, kuli tayipi imodzi ya riboni yosowa chilembo e. Nyumba ya pulojekiti tinatulukamo, katundu pa lole ya feteleza, khanda pamiyendo. Anthu a kumeneko anatilandira bwino, ndinaphunzira Chiyao chokwanira kukangana nacho pamsika. Mayi anu sanandinenepo pamaso pa anthu, koma tikasemphana pa china chilichonse, ngakhale za nkhuku, nkhani inkathera pomwepo: "Munasankha mkazi wa eni, ine n'kundisiya ndi mimba." Ine ndinkati, "Munthu wosalakwa akanafera chiyani?" Iwo ankangotola ndowa n'kupita ku mjigo. Tinakhala kumeneko mpaka zinthu zitasintha m'dziko. Pobwerera kutauni makompyuta anali ena, aliyense yake pa desiki, ndipo achinyamata ochokera ku makoleji ankawadziwa bwino kuposa ine. Sindinakhalenso ruti pena paliponse. Ndinapuma ntchito ndili kalaliki.

Abiti ndinadzakumana nawo patapita zaka zambiri, tonse imvi zili mbuu, pa siteji ya minibasi pa Ulongwe. Anandizindikira ndi mawu, ndikukangana ndi kondakitala. "Wailesi ameneyu sanathe mabatire?" Tinaseka mpaka anthu kutiyang'ana. Anandigulira nthochi, tinafunsana za ana. Awo onse atatu anawalera okha, wina ndi namwino, wina ali ndi golosale pa Ulongwe pomwepo. Ndinawauza kuti mayi a Fatsani anatisiya, anapepesa. Minibasi yawo itayamba kuliza hutala ndinati mwanthabwala, "Achemwali, sadaka ija inayenda bwanji? Mpunga unakwana?" Anaseka pang'ono, kenako anasiya kuseka.

"Achimwene, ku sadaka ndinapitadi. Koma ndinachokako mpunga usanapse."

Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, n'kukwera.

Ndinatsala pamenepo nthochi zili m'manja. Tsiku lija bodza sindinanene ngakhale limodzi, ruti amalowadi paliponse. Koma ine sindinasindikize, ndipo bwana sanasindikize. Ana atatu anakula ndi mayi wawo. Wanga woyamba anabadwa bambo ake ali m'chitokosi, ndipo mayi ake anapita osamva zimene ndinamva pa Ulongwe. Ndiye anzanga, tiyerekeze mwaima pamene ndinaima ine. Wa jekete akudikira yankho, kunyumba mkazi wanu ali pafupi kuchira, ndipo simukudziwa kuti mayi aja ku sadaka anachokako nthawi yanji. Inu mukanayankha kuti chiyani?